MALONDA A MITENGO YOIMIRIRA KU RUFUNSA

Munthu woyenda pa mseu waukulu wa Great East, kucokera ku Lusaka kulinga ku ulalo wa Luangwa, akangopitirira Chongwe ayamba kuona matumba a malasha ataimikidwa m'mphepete mwa mseu. Pena aima atatu, pena makumi awiri, onse atalukiridwa mitu ya timitengo ndi luzi kuti thumba lioneke lalitali. Pa Chinyunyu, paja pali akasupe a madzi otentha, matumba alipo. Kutsogolo, kumene mseu uyamba kukhotakhota m'mapiri a Rufunsa, aliponso. Kukada, magalimoto olemedwa ayamba kukwera pang'onopang'ono kulunjika ku Lusaka, ndipo posacedwa mtengo umene unamera zaka makumi anayi m'dziko la Asoli uli pa mbaula ku Mtendere kapena ku Kanyama, kuphika nyemba.

Malonda amenewa adziwika ndi munthu aliyense. Woocha adziwa masiku amene anakhetsa thukuta, wogula anyamula thumba namva kulemera kwake, ndipo akagwirizana mtengo ndalama ilowa m'manja pomwepo. Koma m'boma lomweli la Rufunsa muli malonda ena a mitengo amene sayenda pa mseu ndipo salowa m'thumba. Pa malonda amenewo mtengo ugulidwa uli ciimire, ndipo wogula, amene akhala ku Italy kapena ku maiko ena akutali, alipira kuti mtengowo usadulidwe. Munthu akaimva koyamba nkhani imeneyi aiyesa nthano. Komatu ndalama zake ndi zenizeni, ndipo zakumba mijigo ndi kumanga zipinda za sukulu. Cofunika kuciunika bwino ndi ici: kampani ikapeza phindu m'nkhalango imene anthu akhala nayo kuyambira makolo ao, udindo wake kwa anthuwo uyambira pati, nanga ulekezera pati?

MPWEYA UGULITSIDWA BWANJI?

Mtengo pokula ukoka mpweya wa kaboni kucokera m'mlengalenga ndi kuusandutsa thunthu, nthambi ndi mizu. Akatswiri anapeza kuti pafupifupi theka la kulemera kwa mtengo wouma ndi kaboni. Mtengowo ukaochedwa, kaboni uja abwerera kumwamba. Mpweya womwewo ndi umene utuluka m'mafakitale, m'ndege ndi m'magalimoto oyendera petulo ndi dizilo. Ukaculuka ufunditsa dziko lapansi monga bulangete, kutentha kumakula, ndipo mvula isokonezeka. Mlimi wa ku Rufunsa amene anaona cimanga cake cikupserera m'munda mu 2024, caka cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti cilala casanduka tsoka la dziko lonse, safunika kumfotokozera zambiri za kusokonezeka kwa mvula.

Pa misonkhano ya bungwe la United Nations, kuyambira wa ku Bali mu 2007, maiko anagwirizana kuti anthu osunga nkhalango zao ayenera kupezapo kanthu, popeza nkhalangozo zithandiza dziko lonse lapansi. Njira imeneyi inapatsidwa dzina lakuti REDD+. Pambali pa mapangano a maboma panabadwanso msika wa makampani. Pa msika umenewo agulitsa ziphaso, ndipo ciphaso cimodzi ciimira tani imodzi ya mpweya wa kaboni imene sinapite kumwamba cifukwa mitengo sinadulidwe. Kampani ya mafuta kapena ya ndege igula ziphasozo, kenaka iuza ogula katundu wake kuti utsi umene yatulutsa kwao yaulipirira ku nkhalango ya kwina. Bungwe la Verra, limene likulu lake lili ku Washington m'dziko la America, ndilo lisunga kaundula wa ziphaso zambiri zotere ndi kuika malamulo a kawerengedwe kake.

KAMPANI IFIKA

Mu 2012 a Dr Hassan Sachedina anakhazikitsa kampani ya BioCarbon Partners, imene anthu aichula mwacidule kuti BCP. Nchito yake yoyamba inali pa malo ochedwa Rufunsa Conservancy, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 40,000 imene ichinga malo osungirako nyama a Lower Zambezi National Park ca kumpoto. Malowa si a mfumu ai. Ndi malo a cikalata ca umwini, a kampani ya Sable Transport. Koma pafupi nao pali midzi ya ku Namanongo, Ndubulula ndi ina, kumene kukhala Asoli pamodzi ndi anthu ocokera ku zigawo zina amene anabwera kudzafuna minda. Ambiri a iwo anali kudalira malasha kuti apeze ndalama ya mcere, sopo ndi sukulu.

Nchito ya ku Rufunsa ndiyo inali yoyamba mu Zambia muno kuvomerezedwa monga mwa malamulo a Verra. Mu 2016 kunamveka mbiri yakuti Lower Zambezi ndi malo oyamba osungirako nyama pa dziko lapansi kulipirira utsi wao wonse, cifukwa eni nyumba za alendo a kumeneko anagula ziphaso za ku Rufunsa molingana ndi mafuta amene maboti ndi magalimoto ao atentha.

Kampaniyi sinalekere pamenepo. Kuyambira mu 2014, mothandizidwa ndi ndalama za bungwe la USAID la ku America, inayamba nchito yaikulu koposa, yochedwa Luangwa Community Forests Project, pa nkhalango za mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi m'maiko a mafumu 12 a m'zigawo za Lusaka ndi Kum'mawa. Dziko la Mfumu Mpanshya lili momwemo. Uku tsopano ndi ku malo a makolo, osati a cikalata. Lamulo la za nkhalango la 2015 ndilo linatsegula khomo lakuti anthu a m'midzi apange gulu lao, lilembedwe ndi Boma, ndi kulandira mphamvu pa nkhalango yao ndi zonse zotulukamo, ndi kaboni yemwe. Mu Novembala 2019 kampani yaikulu ya mafuta ya ku Italy, ya Eni, inalowa m'nchitoyi nilonjeza kugula ziphaso zake mpaka caka ca 2038. M'caka ca 2020 cokha Eni inalengeza kuti yalipirira matani 1.5 miliyoni a utsi wake ndi ziphaso za nkhalango zimenezi.

Zabwino zimene zatuluka m'malonda awa siziyenera kubisidwa. Mijigo yakumbidwa m'midzi imene amai anali kutunga madzi m'madambo. Sukulu zathandizidwa. Anyamata ndi atsikana a m'midzi alembedwa nchito ya ulonda wa nkhalango. Alimi aphunzitsidwa ulimi wosunga nthaka ndi kuweta njuci. Pa caka ca 2020, pamene matenda a Covid-19 anatseka njira za alendo odzaona nyama ndipo ndalama ya kumeneko inauma, kampaniyi inalengeza kuti yapereka K50 miliyoni ku maiko a mafumu 12 aja. Ndalama yotere pa nthawi yotere inali ngati mvula ya m'cilimwe.

MPHATSO KAPENA MALIPIRO?

Makampani a masiku ano ali ndi dzina lalitali la Cingelezi la nchito zothandiza anthu, ndipo ambiri ali ndi ofesi yake, ndi munthu wonyamula kamera wosasowa pa mwambo uliwonse wopereka mjigo. Kawirikawiri nchito zimenezi zionetsedwa monga cifundo ca kampani. Banki ikapereka madesiki ku sukulu, kapena kampani ya mafoni ikagula zofunda za ku cipatala, imeneyo ndi mphatso ndithu, ndipo wolandira mphatso aomba m'manja, sawerenga. Kufunsa mwini mphatso kuti kunyumba wasiyako zingati ndi mwano.

Koma ndalama ya nkhalango si ya mtundu umenewo. Kuti ciphaso cibadwe, pafunika nkhwangwa ina iikidwe pansi, ndipo nkhwangwayo ndi ya munthu wa m'mudzi. Bambo amene akanaswa mphanje kuti mwana wake wongokwatira akhale ndi munda, waleka. Mnyamata amene akanaunjika uvuni wa malasha, waleka. Nkhalango ikabwerera, nyama nazo zibwerera, ndipo njovu kapena nguluwe siziwerenga malire: zilowa m'munda wa mlimi yemweyo, pamene lamulo la za nyama za m'chire la 2015 silinaike cipukuta misozi kwa munthu amene mbeu zake zadyedwa. Zonsezi ndi zimene mudzi wapereka. Conco ndalama imene ibwera ndi malipiro, ndipo wolandira malipiro ali ndi ufulu wowerenga.

Ena anganene kuti mau awa agwira ku malo a makolo kokha, pakuti pa Rufunsa Conservancy mwini malo alipo ndipo cikalata ali naco. Zoona, lamulo lili ku mbali yake. Komabe ngakhale pamenepo, ziphaso ziwerengedwa poyerekeza mitengo imene ikanadulidwa ndi anthu oyandikana ndi malowo. Pakadapanda anthuwo ndi umphawi wao, sipakanakhala coopseza nkhalango, ndipo sipakanakhalanso cogulitsa. Mwini munda ndi wina, koma amene aleka kulowamo ndiwo apatsa mundawo mtengo wake.

K50 miliyoni ija imveka yaikulu ikachulidwa pa wailesi. Munthu akaigawa pa mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi apeza kuti hekitala imodzi inabweretsa ndalama yosapitirira kwenikweni K50 pa caka cimeneco, ndalama yosakwana kugula thumba limodzi lalikulu la malasha mu Lusaka. Kuwerengera kumeneku ndi kwa pamwamba cabe, pakuti sikuphatikiza malipiro a alonda ndi nchito zina zimene kampani ilipira payokha. Ndiponso nkhalango yoimirira ibweretsa ndalama caka ndi caka, ndi kupatsabe anthu bowa, masuku, uci, luzi ndi mankhwala, pamene uvuni udya hekitala kamodzi kokha ndi kusiya zitsa. Komabe ciwerengeroci cionetsa cifukwa cake munthu wosauka, amene mwana wake wabwezedwa ku sukulu lero cifukwa ca kusowa yunifomu, ayang'anabe nkhwangwa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Mjigo ndi wa mudzi wonse, koma njala ilowa nyumba imodziimodzi.

SIKELO ILI KUTI?

Alimi adziwa bwino kuti cinyengo ca malonda cigona pa muyeso. Wogula cimanga woyendayenda m'midzi abwera ndi meda yake, ndipo mlimi wocenjera ayamba wayang'ana pansi pa medayo ngati sipanasulidwe kuti ikule mimba. Okumba golide a ku Rufunsa komweko adziwanso za sikelo. Kwa zaka zambiri anali kugulitsa kwa amalonda obwera mwakabisira pa mtengo umene ogulawo afuna, ndipo cimeneci ndi cimodzi mwa zifukwa zimene kampani ya ZCCM-IH, imene mbali yake yaikulu ndi ya Boma, inayambira kugula golide ku Rufunsa mu 2020. Cimanga ndi golide zioneka ndi maso. Mwini angathe kukana, kunyamula katundu wake ndi kupita kwa wogula wina.

Nanga mpweya umene sunapite kumwamba auyesa bwanji? Kuyesa mitengo yoimirira si kobvuta kwambiri. Anchito alowa m'nkhalango ndi matepi, ayesa kunenepa kwa mitengo m'zigawo zosankhidwa, ndipo makina oyenda m'mlengalenga ajambula zithunzi zoonetsa pamene pali mitengo ndi pamene payera. Cobvuta ndi funso lina: kodi mitengo ingati ikanadulidwa kukadapanda nchito yoteteza? Cinthu cimene sicinacitike sicikwera pa sikelo. Akatswiri atenga dera lina limene aliona kuti lifanana, awerenga msanga umene nkhalango inathera kumeneko zaka zapita, ndi kunena kuti kuno nako kukanatero. Akasankha dera la pafupi ndi mseu, lodzala ndi anthu, ciwerengero cikula ndipo ziphaso ziculuka. Akasankha dera la kumapiri kosafika galimoto, ciwerengero cicepa.

Apa ndipo pali msampha. Ciwerengero cikakula, wogulitsa akondwa pakuti ziphaso zaculuka. Wogula akondwa pakuti zachipa. Mudzi nawo ukondwa pakuti gawo lake lakula. Pa malonda a cimanga wina akakoka meda kuti ikule, mnzake aikoka kuti icepe, ndipo coonadi cipezeka pakati pao. Pa malonda a kaboni onse atatu akokera ku mbali imodzi, ndipo wonyengedwa ndi mlengalenga, umene sungathe kupita kwa mfumu kukadandaula.

Madandaulo anabwera ndithu, koma anacokera kunja. Mu 2021 bungwe la Greenpeace la ku Italy linatulutsa lipoti lonena kuti nchito ya ku Luangwa inakuza ciopsezo ca kutha kwa nkhalango, motero ziphaso zimene Eni igula zinaposa mpweya weniweni wopulumutsidwa. Mu Januwale 2023 nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain, pamodzi ndi Die Zeit ya ku Germany, inalemba kuti ziphaso zoposa 90 pa 100 zilizonse za nkhalango zamvula zovomerezedwa ndi Verra zingakhale zopanda kanthu kumbuyo kwake. A Verra anakana mwamphamvu, nati ofufuzawo anawerenga molakwa. Mu Ogasiti caka comweco magazini ya akatswiri ya Science inasindikiza kafukufuku wa malo 26 m'maiko asanu ndi limodzi, ndi Zambia yemwe, amene anapeza kuti m'malo ambiri nkhalango yopulumutsidwa inali yocepa kwambiri poyerekeza ndi zimene eni nchito ananena. Mtengo wa ziphaso za nkhalango unatsika m'caka cimeneco, ndipo cisanathe a Verra anatulutsa njira yatsopano yowerengera, imene icotsa mphamvu yosankha dera loyerekezera m'manja mwa wogulitsa.

Mkangano umenewu ucitikira kutali, m'zinenero zacilendo, koma ukhudza nkhokwe ya ku Rufunsa. Ogula akataya cikhulupiriro aleka kugula, kapena agula motsika. Kampani ya mafuta ikatero singataye tulo, ingopita kukagula kwina. Wotsala padzuwa ndi mudzi umene unaleka kuswa mphanje poyembekeza ndalama ya caka ciliconse. Cifukwa cake kuona mtima kwa kampani pa kawerengedwe sikungokomera ogula a ku Ulaya okha. Ndi mbali ya ngongole yake kwa anthu amene anaikhulupirira.

Pofuna kunena cilungamo, ziwerengero za nchito za BCP ziyesedwa ndi oyesa apadera monga mwa malamulo a Verra, ndipo zikalata zake zaikidwa poyera pa intaneti. Munthu wa ku London wokhala ndi kompyuta angaziwerenge zonse lero lomwe. Koma zinalembedwa m'Cingelezi ca akatswiri, masamba ambirimbiri odzala ndi masamu. Nyakwawa ya ku Namanongo, imene nkhalangoyo ili kuseri kwa nyumba yake, izipeza bwanji, nanga ikazipeza imvapo ciani? Cinthu cingathe kukhala poyera kwa anthu a kutsidya la nyanja, cili cobisika kwa mwini dera.

PHUNZIRO LA PEPALA LA KALE

Zambia ali ndi cipsera ca pepala losainidwa popanda kulimvetsa. Mu 1890 Frank Lochner, nthumwi ya kampani ya British South Africa, anapangana ndi Litunga Lewanika wa ku Barotseland za miyala ya pansi pa nthaka. Potsamira pa pepala limenelo ndi ena onga ilo, kampaniyo inadzitenga kukhala mwini wa miyala ya dziko lino, ndi ya ku migodi ya mkuwa yomwe, kumene Lewanika sanali kulamulira. Inalandira msonkho wa mkuwa zaka zambirimbiri, mpaka mu Okutobala 1964, pamene inavomera kusiya mphamvuzo italipidwa mapaundi 4 miliyoni, ufulu uli pakhomo.

Kufanizira makampani a kaboni ndi kampani ya atsamunda ija kungakhale kuwalakwira. Iwo sanabwere ndi mfuti, agwira nchito pansi pa malamulo a dziko la ufulu, ndipo nthaka ikhalabe m'manja mwa eni ake. Cofanana ndi cimodzi cokha: kale cuma cosaoneka cinali pansi pa nthaka, lero cili m'mwamba, ndipo nthawi zonse ziwiri wodziwa mtengo wake weniweni ndi mlendo wobwera ndi pepala. Pamene wina adziwa zambiri ndipo mnzake adziwa zocepa, katundu wofotokoza agwera wodziwayo. Kusonkhanitsa anthu pansi pa mtengo, kuwerenga maina ao ndi kuwadindisa zala sikukwanira ngati acoka pa msonkhanowo osadziwa kuti ciphaso cimodzi cagulidwa zingati, zagulitsidwa zingati caka cino, ndipo pa kwaca iliyonse ngwee zingati zatsala ku Lusaka, zingati zapita kunja, zingati zafika kumudzi.

WOOCHA MALASHA APITE KUTI?

Pali munthu mmodzi amene saoneka kawirikawiri pa zithunzi za miyambo yopereka mijigo, ndiye woocha malasha. Nchito yake ndi yowawa. Agwetsa mitengo ya miombo ndi mitondo, aidula, aiunjika, aikwirira ndi zibuma, ndipo akhala masiku ambiri akulonda uvuni usiku ndi usana kuti moto ungabuke ndi kusandutsa zonse phulusa. Pa uvuni wa dothi wotere pafunika matani asanu a nkhuni, kapena kuposa, kuti patuluke tani imodzi ya malasha. Pa mtengo umene mai wa ku Kanyama alipira, gawo lalikulu litsala kwa mwini galimoto ndi ogulitsa a m'tauni. Palibe munthu aocha malasha cifukwa ca kukonda utsi.

Ndiponso muzu wa malondawa suli ku Rufunsa. Uli ku Lusaka, kumene nyumba zambiri ziphikira pa mbaula. Madzi akacepa m'nyanja ya Kariba, monga zinacitikira mu 2015, mu 2019, ndiponso koposa mu 2024 pamene nyumba za m'tauni zinali kukhala mbali yaikulu ya tsiku popanda magetsi, ngakhale okhala ndi masitovu abwerera ku mbaula, ndipo mtengo wa thumba ukwera. Ziwerengero zimene zichulidwa kawirikawiri zinena kuti Zambia ataya nkhalango ya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 pa caka, mwa kuswa minda, malasha ndi zina. Alonda akatseka nkhalango imodzi pamene mbaula za ku Lusaka zikali kuyaka, woocha angosamuka ndi nkhwangwa yake kupita ku phiri lina kumene kulibe mlonda. Zikatero ciphaso cagulitsidwa, koma mtengo wagwabe, kungoti wagwera kwina.

A BCP anaizindikira nkhani imeneyi, ndipo malamulo a Verra nao afuna kuti mitengo yogwera kwina icotsedwe pa ciwerengero. Ku Rufunsa kampaniyi inayesanso njira yoocha malasha mosamala, yodula mitengo mosankha m'zigawo zosinthanasinthana kuti nkhalango iphukirenso, ndi kugwiritsa nchito mauvuni osaononga nkhuni zambiri. Maganizo amenewo ndi olunjika, pakuti abvomereza kuti woocha ndi munthu wofuna kudya, si mbala. Muyeso woona wa nchito yonseyi uli pa banja la munthu ameneyu: ngati nkhalango yatetezedwa ndipo iye wapeza cina codyera, udindo wakwaniritsidwa. Ngati wangothamangitsidwa, ndiye kuti mtengo wa utsi wa ku Ulaya walipiridwa ndi munthu wosaukitsitsa wa m'boma lonse.

NDALAMA IKAFIKA KUMUDZI

Si kampani yokha imene iyenera kuonetsa mabuku. M'madera osungirako nyama ndalama ya anthu idzera m'makomiti a zacilengedwe osankhidwa ndi midzi, amene mfumu ndiye mtetezi wao, ndiponso m'magulu a nkhalango olembedwa monga mwa malamulo a 2018. Ndalama ikacoka ku kampani yathunthu, ikhoza kuonda pa njira yaifupi ya kucokera ku banki kufika pa mjigo. Mthethe sulowa m'nkhokwe za akulu zokha. Komiti imene ifuna kuti kampani iulule mtengo wa ziphaso iyenera nayo kukhomera pa citseko ca sukulu pepala loonetsa ndalama yolandiridwa, simenti yogulidwa, ndi dzina la womanga amene anapatsidwa nchito. Amai, amene ndiwo atola bowa ndi nkhuni ndipo ndiwo ayamba kumva kuwawa nkhalango ikatsekedwa, sayenera kukhala kumbuyo kwa msonkhano ndi kungoitanidwa pa nthawi yolulutira.

Boma nalo laponyapo phazi, ngakhale kuti malonda ndiwo anatsogola ndipo malamulo anadza pambuyo. Mu 2021 linaika malamulo akuti aliyense wofuna kugulitsa kaboni wa m'nkhalango ayambe watenga cilolezo, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la za kusintha kwa nyengo limene likhudzanso msika umenewu. Lamulo lipatsa munthu poimira, koma silifunsa mafunso m'malo mwake. Safunsa anadya phula. Gulu la nkhalango lisanadinde cala, kapena pofika nthawi yokonzanso pangano, lili ndi ufulu wopempha kuti panganolo limasuliridwe m'Cisoli ndi m'Cinyanja, kuti gawo la mudzi lilembedwe momveka pa ciphaso ciliconse, kuti pakhale kodandaulira kopanda mantha, ndiponso kuti papezeke munthu wodziwa malamulo wosalipidwa ndi kampani, woti aliwerenge m'malo mwa anthu. Kampani yoona mtima siopa mafunso otere. Ndiwo aiteteza tsiku limene a manyuzipepala a kunja adzabwera kudzafunsa anthu a m'midzi ngati adziwa cimene anagulitsa.

Pangano la Eni lifika mpaka 2038. Mwana wa ku Mpanshya amene analowa Giredi 1 ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri m'caka cimene panganolo linasainidwa adzakhala ndi zaka 26 pamene lidzatha. Pa nthawiyo adzakhala atakwatira, afuna munda wakewake, ndipo nyakwawa idzamuonetsa malire a nkhalango amene anaikidwa iye akali kuphunzira kulemba dzina lake. Ambiri mwa akulu amene anadinda zala adzakhala atapita. Mnyamatayo adzafunsa kuti pepala lili kuti, ndipo linanena ciani.